Ludzu la nkhalamba yanga

Galimoto yaikulu ikakalamba imasanduka mlendo wadyera. Kumuthamangitsa sufuna, koma nkhokwe ikutha ukuona. Yanga ndi Peugeot 504 yaitali ija, mtundu umene unayamba kupangidwa ku France mu 1968. Injini yake ndi ya malita awiri, ya kabureta, ndipo magiya opita kutsogolo ndi anayi basi.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, petulo naye anakwera. Mayi akunyumba sanabise mawu. "Bambo, chigalimoto chanuchi chitimaliza. Gulitsani tigule kakang'ono." Koma kakang'onoko kangasenze agogo, ana ndi matumba a chimanga kuchokera ku Ntcheu? Tinapangana kuti ndichepetse ludzu lake, zikakanika ipite.

Ndinagula kabuku. Ndikadzaza thanki ndimalemba makilomita, ndikadzazanso ndimaona kuti lita imodzi yandiyendetsa mtunda wotani. Popanda kabukuka, zonse n'zongopeka.

Kenaka ndinapita kwa makaniko wina wachikulire ku Biwi. Mkuluyu anamasula pulagi imodzi n'kundionetsa. Inali bii ndi mwaye. "Achimwene, iyi ikumwa mafuta ambiri, mpweya pang'ono," anatero. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi, ndipo ikatero kabureta imakoka petulo wopitirira muyeso. Choko nayo sinkabwerera bwinobwino, ndiye injini inkamwa ngati ndi m'mawa wa mu June ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Anasintha sefa, mapulagi ndi mapointi, n'kukonza taimingi. Za timankhwala tothira m'thanki timene anyamata amatsatsa, anangoseka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zotsalazo ndi za ine mwini. Matayala ndimapima sabata iliyonse asanatenthe, poti tayala lofewa limakakamira pamsewu. Kariyala ya pamwamba ndimaimanga tsiku la katundu lokha, chifukwa ngakhale yopanda kanthu imalimbana ndi mphepo. Pa M1 sindipitirira 80. Ukathamanga kuposa apo, ndi magiya anayi, injini imalira ndipo muvi wa mafuta umatsika ukuuona. M'tauni ndikaona maloboti afiira patali ndimachotsa phazi msanga, osati kuthamangira kukaponda buleki.

Chimodzi chokha ndimakana, ngakhale anzanga amachitama: kuzimitsa injini potsetsereka. Mabuleki a galimoto imeneyi amathandizidwa ndi injini. Ukaizimitsa, ukangoponda kawiri katatu buleki imauma gwa. Tayerekezani zimenezo pa Khwekhwelere, potsikira ku Golomoti, ana ali kumbuyo. Kapu ya petulo siingagule moyo.

Sindikunamizani, abale, nkhalambayi sidzamwa ngati kagalimoto ka makono. Ndi yolemera, ndipo inapangidwa nthawi ina. Koma kabuku kakuonetsa kuti lita ikutifikitsa patali kuposa kale. Kabukuko masiku ano amasunga ndi mayi, ndipo mwezi ukatha amawerengera okha. Mpaka lero sanatchulenso za wogula.