P imodzi yomwe tinaisiya ku Joni

Ife ndife awiri apachibale, geni yathu ndi ya zipangizo za mafoni ndi ma TV. Timaoda ku Johannesburg, n'kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Lero tikuuzeni za oda ina yaing'ono, yokwana m'thumba la malaya, imene inatsala pang'ono kutitayitsa kasitomala yemwe takhala naye zaka zambiri.

Kasitomalayo ndi bambo wina wokonza mawailesi ndi ma TV ku Ndirande. Ambiri mukukumbukira magemu aja a makatiriji achikasu, a Super Mario ndi kuwombera abakha ndi kamfuti ka pulasitiki. Makina ake enieni ndi Famicom ya Nintendo, yomwe inatuluka ku Japan mu 1983, koma ambiri omwe anafika kuno anali otengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China. Ku South Africa ena amawadziwa ndi dzina loti Golden China. Ana omwe ankasewera nthawi imeneyo pano ndi azibambo a ndalama zawo, ndipo ena akufuna makina aja abwerere pabalaza. Bamboyu anali atapeza mabolodi khumi opanda kanthu, anthu anayi atamupatsa kale ya chikole. Chomwe chinkasowa ndi ma chip, omwe anzathu okonza amangoti ma IC.

Anatilembera kapepala: UA6527P khumi, UA6538 khumi, crystal 26.601712 khumi. Ife tinakapinda n'kuika m'pasipoti.

Ku Joni tinazungulira tsiku lonse. Madzulo m'shopu ina mnyamata anatulutsa ma chip aatali akuda, miyendo 40 iliyonse, olembedwa UMC. Ena anali UA6538, bwinobwino. Enawo anali UA6527, opanda P kumapeto. Tinafunsa ndithu, tisaname. Iye anati ndi chimodzimodzi, chilembocho n'cha fakitale chabe. Basi inali yonyamuka m'mawa, katundu wina tisanamange, ndiye tinalipira.

Titafika, bamboyu anangoika chip imodzi pansi pa galasi lake n'kutiyang'ana. "Achimwene, P ili kuti?" Ife tinabwereza mawu a mnyamata uja ngati athu. Sanatsutse. Anaiika pabolodi, n'kulumikiza ku TV, n'kutiuza kuti timvere. Nyimbo ya Mario inalira mokwera ngati kaseti ikuthamanga, ndipo gemu ina yachiwiri chithunzi chake chinkang'ambika chapamwamba.

Kenako anatikhazika pabenchi n'kutiphunzitsa, ndipo izi n'zomwe tikufuna musunge. M'makina amenewa muli ma chip awiri akuluakulu. Ina ndi CPU, yoganiza komanso yotulutsa mawu. Inayo ndi PPU, yojambula chithunzi. Pambali pali kachitsulo kakang'ono konyezimira, crystal, komwe kali ngati ng'oma imene awiriwa amavinira. Mayiko sanagwirizane pa kayendedwe ka TV: ku Japan ndi ku America ndi NTSC, kuno kwathu ndi ku Europe ndi PAL. Choncho zinthu zitatuzi zimayenda ngati banja. Za NTSC zenizeni ndi za Ricoh, RP2A03 ndi RP2C02, crystal yake 21.477272, ndipo zotengera zake ndi UA6527 ndi UA6528. Za PAL zotengera, monga za makina otchedwa Dendy omwe anatchuka ku Russia, ndi UA6527P ndi UA6538, crystal 26.601712. Palinso banja lachitatu, la NES ya ku Europe, RP2A07 ndi RP2C07, nalonso pa crystal ya 26.

Nanga P imasintha chiyani? CPU siyenda pa liwiro lonse la crystal, imaligawa kaye. Yopanda P imagawa ndi 12, ya P imagawa ndi 15. Mukaika yopanda P pa crystal ya 26 imathamanga kupitirira 2.2 MHz, pomwe magemuwo anawalembera pafupifupi 1.79. N'chifukwa chake nyimbo inakwera. Onaninso kuti UA6528 ndi UA6538 zimasiyana nambala imodzi yokha yapakati, ndipo m'shopu ya mdima 2 ndi 3 sizichedwa kufanana.

Chomwe chinatisokoneza kwambiri n'chakuti mnyamata uja sananame zonse. Pa ma chip a Ricoh, chilembo chakumapeto, monga G pa RP2A03G, chimangonena kuti ndi mtundu wokonzedwanso, dera silisintha. Pa UMC, P ndiye nkhani yonse. Mwina iye ankakhulupiriradi zomwe ankanena, koma wolipira ndife.

Ndalama ya ma CPU khumi tinabweza kuchokera m'thumba mwathu. Imeneyo sinatipweteke kwambiri. Chopweteka n'choti anthu anayi aja anayamba kumuimbira bamboyu, mmodzi mpaka kufika pashopu kudzamutchula wakuba pamaso pa ana ake a ntchito. Munthu woti watigula ma charger ndi ma remote kuyambira tili ndi chikwama chimodzi.

Ulendo wotsatira tinapita ndi nzeru ziwiri zomwe anatipatsa. Yoyamba inali botolo la acetone, mankhwala aja amayi amafufutira penti ya m'zikhadabo. Ma chip amenewa anasiya kupangidwa kalekale, ndiye ambiri omwe ali pamsika ndi ozulidwa m'makina akale. Zimenezo si vuto. Vuto ndi anthu omwe amapala pamwamba, n'kupaka penti yakuda, n'kulembapo nambala yomwe ikugulidwa modula. Munthu wina anatibweretsera "Ricoh orijino", yonyezimira ngati yatuluka dzulo. Tinapempha kupukuta imodzi ndi thonje. Thonje linada bii, zilembo n'kuyamba kusungunuka, mwiniwake n'kukumbukira kuti ali ndi ulendo. Chip yomwe sinapakidwe kanthu, thonje limatuluka loyera kapena ndi fumbi chabe. Ife masiku ano timakonda yakale yooneka kuti ndi yakale, miyendo ili ndi zipsera za mtovu.

Yachiwiri inali screwdriver. Njira ina yopezera ma chip ndi kugula makina akale m'misika ya zakale n'kuzulamo. Koma musagule musanatsegule. Makina ambiri atsopano, ngakhale akale ena, mulibe ma chip awiri aja. Muli kadontho kamodzi kakuda ngati phula, zonse anaziunjika pansi pake, ndipo simungazule kanthu. Tinatsegula makina asanu ndi awiri, awiri okha ndi omwe anali ndi ma chip a miyendo. Ubwino wake, mukawapeza mumapeza banja lonse pamodzi ndi crystal yake, lomwe linagwirapo kale ntchito limodzi. Otsalawo tinawapeza kwa mkulu wina wokonza zamagetsi, yemwe analola kuti tijambule chip iliyonse n'kutumiza ku Ndirande pa WhatsApp tisanalipire.

Madalaivala omwe mumatumidwa timaphukusi totere, chonde musaike m'thumba la jini kapena pa dashboard. Miyendo imapindika, ndipo ikathyoka umodzi chip yatha. Ikhale yobayidwa pa kasiponji kake kakuda kapena m'kachubu ka pulasitiki, kenako m'kabokosi kolimba. Pa invoice palembedwe nambala yonse mpaka chilembo chomaliza, kuti pa boda muzikhala ndi chowonetsa komanso mwini katundu asadzati munasinthitsa panjira.

Makina asanu ndi limodzi anatha, anayi aja analandira awo. Bamboyu akutitumabe, koma pano kapepala amalemba kawiri ndipo P amaizunguliza ndi bolopeni yofiira.

Ma UA6527 khumi aja akadali nafe m'chitini cha Blue Band. Ndi abwinobwino, akungofuna UA6528 ndi crystal ya 21. Ngati alipo amene akumanga ya NTSC, kaya ku Lusaka, ku Harare kapena ku Tete, atiuze, tidutsa nawo kumapeto kwa mwezi uno.