Botolo la Anganga ku Senga Bay

Ulendo uno takutengani kupita ku Senga Bay m'boma la Salima, kumene tidakacheza mwezi wa June mphepo ya mwera ili pakati.

Tidayamba taima pa msika wa Kamuzu Road kuti tigule kamphatso, pakuti kwa akulu sapita chimanjamanja. Inali nyengo ya malalanje, ndipo milu yake inali mbwee pamodzi ndi mandimu ndi manachesi. Tidasankha achikasu okhaokha, koma mayi wogulitsa adatiseka. Adati kuno kotentha lalanje limapsa khungu lake likadali lobiriwira, chifukwa chimene chimalisandutsa chikasu ndi kuzizira kwa usiku. Lalanje labwino ndi lolemera m'manja. Tidabweza ena, n'kutola 20 olemera.

Kuchoka pa boma kukafika kunyanja ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Titafika ku Nguwo tidapeza ngalawa ndi mabwato zili pamtunda, asodzi akusoka maukonde, mathandala oyanikapo usipa ali mbee. Chilumba cha Namalenje chinkangooneka mwa apo ndi apo kuseri kwa mafunde. Tidaswali Dhuhur pa mzikiti wa pafupi, kenaka tidalowera kunyumba ya mayi ena achikulire amene mudzi wonse umangowatchula kuti Anganga.

Atatilonjera adatipatsa chakumwa chozizira cha m'mtsuko. Ife tidayesa Sobo. Iwo adapukusa mutu natulutsa botolo la manyuchi a malalanje ophika okha. Tidawapempha kuti atiphunzitse, ndipo adati, "Ana anga, malalanje mwabwera nawo. Sambani m'manja."

Kaphikidwe kake nkotere. Tsukani malalanje ndi madzi abwino. Sendani khungu la malalanje 4 mopyapyala, kutenga lapamwamba lokha, chifukwa fungo lili m'menemo pamene choyera cha m'kati chimawawa. Finyani malalanje onse, onjezani mandimu 2, ndipo sefani pa kansalu koyera. Tsono yezani: pa kapu imodzi ya madzi a malalanje, thirani makapu 2 a shuga. Ikani zonse mu poto pamodzi ndi makungu aja, patsani moto wochepa uku mukutakasa mpaka shuga asungunuke, ndipo ziwire pang'onopang'ono kwa mphindi 15. Mukazisiya nthawi yaitali zimada ndi kununkha chopserera. Mabotolo agalasi ndi zotsekera zake muziwiritse m'madzi kwa mphindi 10. Chotsani makungu, thirani manyuchi akadali otentha m'mabotolo akadali ofunda, tsekani zolimba ndi kusunga pamthunzi pozizira.

Titamva za makapu 2 a shuga tidayang'anana. Si wochuluka ameneyu, ndi mmene zinthu zakwerera mtengo? Apa Anganga adakhala tsonga natisimbira zimene zidachitika pakhomo pawo m'chaka cha 2024, shuga atasowa m'masitolo. Mdzukulu wawo adaphika manyuchi okonzekera Idi ya nsembe, imene chaka chimenecho idachitika mu June. Pofuna kupulumutsa shuga adathira theka lokha, ndipo adagwiritsa ntchito botolo longotsukuluza. Pa tsiku la Idi, alendo ndi a Shehe ali pamphasa, botolo lija lidatseguka ndi mkokomo, thovu n'kusefukira. Fungo lokha lidanena zonse. Zidasasa.

"Ndidalitaya ndekha kudzala," adatero Anganga. "Alendo adamwa tiyi. Manyazi adatigwira, koma bola manyazi kusiyana ndi kumwetsa Asilamu chinthu cha haramu."

Nkhani yagona pamenepa. M'zipatso ndi mumpweya muli tizilombo tosaoneka ndi maso, tofanana ndi yisiti ya mandasi, timene timadya shuga wochepa ndi kumusandutsa mowa. Koma shuga akachuluka kwambiri amatiyamwa madzi, ndipo sititha kuswana. Choncho shuga uja sali wongotsekemeretsa ayi, ndiye mlonda wa botolo. Ngati alipo wochepa, phikani pang'ono zoti zithe masiku awiri. Anganga adawonjeza kuti botolo likatsegulidwa lisapitirire sabata ziwiri ngati mulibe firiji, ndipo musaviikemo supuni yonyowa. Mukaona thovu, nkhungu kapena fungo lachilendo, tayani osalawa.

Chenjezo limeneli si lachilendo m'chipembedzo chathu. M'buku la Sahih Muslim timawerenga kuti Mtumiki Muhammad (SAW) ankamwa madzi oviikamo mphesa zouma mpaka tsiku lachitatu, ndipo otsala sankasungidwanso. Chakumwa cha halali chikhoza kusanduka china tikachilekerera.

Posungunula, gawo limodzi la manyuchi limafuna magawo 5 kapena 6 a madzi. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Anthu a m'mbali mwa nyanja sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Akulu odwala matenda a shuga nawonso tiwasamale, tisawakakamize kumwa chifukwa cha ulemu.

Madzulo Anganga adatiphikira phala la mpunga, natsanulirapo supuni ya manyuchi. Ena adawathira pa chigumu chotentha, ndipo ana adaviikamo mandasi mpaka mbale idayera. Tidawafunsa ngati botolo lingadikire Ramadhani. Adaseka, nati Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku 11 chaka chilichonse. Mu 2018 idakumana ndi malalanje, koma tsopano yalowa m'dzinja, ndipo manyuchi a pakhomo sangadikire miyezi yonseyo. Pofutulu masiku amenewo iwo amaphika a mandimu kapena a bwemba, muyezo wake womwewo.

Tidatsazika mwera utayamba kuzizira, botolo limodzi lili m'chikwama, lokulungidwa m'nsalu. Lidatha pasanathe sabata. Amayi ndi atsikana athu, malalanje akadzachulukanso pa msika yesani, ndipo mudzatilembere mmene zidzayendere. Insha Allah tidzakumananso pa ulendo wina.