Mwezi uti wopitira ku Egypt?

M'kalasi mwathu muli amayi ena a zaka zopitirira 50. Anayamba kuphunzira kuwerenga zaka ziwiri zapitazo. Mwana wawo wamwamuna ali ku Cairo, likulu la dziko la Egypt. Akuphunzira pa sukulu ya Al-Azhar, imene inayambira mu mzikiti wakale wa zaka zoposa 1,000. Amayiwa amati dzikolo ndi Misri, monga amanenera mwana wawo. Ena a ife tinalimva m'Baibulo kuti Aigupto kapena Ejipito. Ndi dziko limodzi lomwelo.

Tsiku lina anabwera ndi uthenga. Mwana wawo wasunga ndalama. Akufuna kuti mayi ake apite akakhale naye mwezi wathunthu, akaone mizinda, manda a mafumu akale ndi midzi ya m'cipululu. Funso lake linali limodzi: "Amayi, mudzabwera mwezi uti?"

Iwo anati: "Aphunzitsi, yankho ndili nalo. Ndidzapita mu Julayi, ndikatha kukolola."

Tonse tinavomera. Mu Julayi cimanga cili m'nkhokwe, misewu yauma, munthu akhoza kucoka pakhomo. Koma tisanalembe kalata, tinati tiyambe taona mapu ndi kalendala. Ulendo wa amayi amodzi unasanduka phunziro la kalasi yonse kwa milungu itatu.

Coyamba cimene tinapeza cinatidabwitsa. Egypt ali kumpoto kwenikweni kwa Africa, ife tili kumwera. Pamene kuno kukuzizira, kumeneko kukutentha. Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, m'mizinda ya Luxor ndi Aswan kutentha kumapitirira madigiri 40 masana. Amene anakhalako ku Tete mvula isanagwe akudziwa kutentha kotere. Ndipo nyumba zakale zimene alendo amakaona zili pa miyala ndi pa mcenga, popanda mthunzi wa mtengo. Mwezi wa Julayi tinaufafaniza pa bolodi.

Nanga nyengo yabwino ndi iti? Kuyambira Novembala kufika Febuluwale kumeneko kumazizira, ndipo munthu akhoza kuyenda tsiku lonse. Titalemba miyezi imeneyi, m'kalasi munati zii. Aliyense anaona vuto. Imeneyi ndiyo miyezi ya kubzala ndi kupalira. Amayi aja ndi amasiye, munda amalima okha. Anati: "Ndikapita mu Disembala, ndidzabwera ndi nkhani zambiri, koma nkhani sadya."

Abambo ena anati: "Nanga Epulo?" Mu Epulo cimanga cili m'munda, anyani ali pafupi. Ndiponso kuyambira Malici kufika Meyi kumeneko kumaomba mphepo yotentha ya fumbi yochedwa khamsin. Panatsala mwezi umodzi, Okutobala. Kuno mvula sinayambe, kumeneko kutentha kwayamba kucepa. Si mwezi wabwino kopambana. Ndi mwezi umene munda ndi ulendo zingagwirizane.

Kenaka tinayamba kuwerenga masiku. Kucoka ku Lichinga kupita ku Maputo, kucoka ku Maputo pa ndege yodzera ku Addis Ababa kufika ku Cairo, ndi kubwerera momwemo: tinacotsa masiku 5. Anatsala 25. Pasipoti ndi visa ziyenera kukonzeka miyezi ingapo ulendo usanafike, ndipo izi tinazilemba pamwamba pa pepala.

Pa mapu dziko la Egypt ndi lalikulu, koma anthu ake pafupifupi onse, 95 mwa 100 alionse, amakhala m'mbali mwa mtsinje umodzi, Nile. Kwina konseko ndi cipululu. Motero njira si zambiri. Ina imatsata mtsinje kupita kumwera. Ina imalowa m'cipululu kumadzulo.

Ku Cairo tinapatsako masiku 8, cifukwa ndiko kuli mwana wawo. Mzindawu ndi madera ake uli ndi anthu oposa 20 miliyoni. Pafupi pomwepo, ku Giza, kuli mapiramidi, manda a mafumu omangidwa ndi miyala ngati mapiri. Laikulu ndi la mfumu Khufu. Linamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, ndipo kutalika kwake poyamba kunali mamita 146. Amuna a m'kalasi anakangana nthawi yaitali za m'mene miyalayo inakwezedwera. Amayi aja sanalabadire. Iwo anafunsa kuti anthu a m'cipululu amadya ciyani.

Funso limeneli linatifikitsa ku Siwa. Siwa ndi mudzi waukulu wa pakati pa cipululu, pafupi ndi malire a Libya. Mvula siigwa kawirikawiri, koma madzi amatumphuka pansi m'akasupe ambiri. Ganizani za dimba lalikulu lobiriwira, lozingidwa ndi mcenga mbali zonse. Anthu amalima azitona ndi mitengo ya kanjedza yobala tende, ndipo amathirira ndi ngalande zocokera ku akasupe. Mu Okutobala akukolola tende. Ali ndi cinenero cawo, Siwi, cosiyana ndi Ciarabu. Mudzi wawo wakale, Shali, unamangidwa ndi dothi losakaniza ndi mcere. Unakhala zaka mazanamazana cifukwa kunalibe mvula youononga. M'caka ca 1926 inagwa mvula ya masiku atatu, ndipo nyumba zambiri zinasungunuka. Ife amene timamata nyumba zathu caka ndi caka tinaimvetsa bwino nkhani imeneyi.

Koma Siwa ndi kutali. Basi yocokera ku Cairo imadzera ku Marsa Matruh, m'mbali mwa nyanja ya mcere, kenaka imakhota kumwera makilomita 300 m'cipululu. Ndi ulendo wa usiku wonse. Kupita, kukhala, kubwerera ndi kupuma: masiku 6. Ife aphunzitsi tinaganiza kuti amayi a msinkhu wawo angausiye. Tinalakwa. Iwo anati ngati pali cocotsa, ticotse mzinda wa Alexandria, cifukwa nyanja amaiona tsiku lililonse pakhomo pawo. Alexandria tinamucotsa.

Njira ya kumwera ndi ya sitima. Kucoka ku Cairo kufika ku Luxor ndi makilomita oposa 600. Kumeneko kuli akacisi aakulu a Karnak, ndi cigwa ca manda a mafumu kumene anapeza manda a Tutankhamun m'caka ca 1922. Kupitirira apo ndi ku Aswan, kumene kuli damu lalikulu limene linatha kumangidwa mu 1970, zaka zinayi damu lathu la Cahora Bassa lisanathe. Cifukwa ca damulo, anthu a mtundu wa Nubia anasamutsidwa m'midzi yawo, monga anasamutsidwira anthu a m'mbali mwa Zambezi. Akacisi awiri a ku Abu Simbel, amene mfumu Ramesses II anasema m'phiri, akanamira. Pakati pa 1964 ndi 1968 anawadula zidutswazidutswa ndi kuwamanganso pamwamba, mamita 65 kucokera pamene anali. Pa 22 Okutobala m'mawa, dzuwa limalowa mpaka m'cipinda ca m'kati mwa kacisi wamkuluyo. Kumwera ndiko kotentha kwambiri, motero tinakuika kumapeto kwa ulendo, ndipo tsiku la 22 linagwera m'kati mwake. Tinapatsako masiku 9. Masiku 2 otsala tinawasiya opanda kanthu, cifukwa mlendo amadwala, ndipo basi imacedwa.

Panali cinthu cina cimene cinawadetsa nkhawa. Anavutika zaka ziwiri kuphunzira a, e, i, o, u, koma kumeneko zikwangwani zambiri ndi za Ciarabu, cimene cimalembedwa kucokera kumanja kupita kumanzere. Manambala nawonso ndi ena. Kanambala kozungulira ngati 0 wathu, kwa iwo ndi 5. Kadontho ndiye 0. Konga V ndi 7, ndipo V wozondoka ndi 8. Munthu wosadziwa angalipire molakwa pamsika, kapena kukwera ngolo yolakwika ya sitima. Tinalemba manambala khumiwo pa bolodi, athu pamwamba, awo pansi. Kalasi yonse inawaphunzira, ngakhale amene sadzapita konse. Amayi aja anawagwira m'masiku atatu. Anati dzanja linazolowera kale pensulo.

Nkhani ya munda inatsala. Mu Okutobala ndi m'mene timasosa ndi kuunga mizere. Agogo ena amene salankhula kawirikawiri anati: "Ife tayenda nawo ulendowu pa bolodi. Tsono tiwalimire." Tinagawana masiku, Loweruka lililonse anthu asanu, ndipo aliyense analemba dzina lake yekha pa pepala.

Kalata anailemba okha amayi aja. Inawatengera madzulo awiri. Pamwamba analemba tsiku lofikira ku Cairo ndi manambala athu, ndipo pambali pake analembanso ndi manambala a kumeneko, kuti mwana wawo aone.