Ariel, Chombo Chimene Sichinafike ku Sydney

Pa 6 Seputembala 1866, zombo ziwiri za matanga, Ariel ndi Taeping, zinalowa mumtsinje wa Thames zitatha masiku 99 panyanja kuchokera ku Foochow, m'dziko la China. Zinali zitadutsa nyanja ya India, kuzungulira Cape of Good Hope, n'kukwera Atlantic, koma pokocheza padoko zinasiyana ndi mphindi zosakwana 30. Ariel ndi imene inali patsogolo pofika m'gombe la England. Taeping inapeza sitima yamphamvu yoikoka, ndipo popeza sinkamira kwambiri m'madzi, inalowa msanga. Eni zombo ziwirizi anagawana mphoto ya masheleni 10 pa tani iliyonse ya tiyi.

Chinthu chonsechi chinali cha masamba a tiyi basi. Anthu a ku London ankakhulupirira kuti tiyi woyamba kufika m'chaka ndiye wokoma, ndipo amalinyero ankagwira zingwe usiku ndi usana chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho.

Ariel inapangidwa mu 1865 ku Greenock, ku Scotland, ndi kampani ya Robert Steele. Mafupa ake anali achitsulo, khungu lake matabwa. Kaputeni John Keay ankaikonda ngati mwana wake. Koma liwiro lake linabwera ndi mtengo: opanga anaisongola kwambiri kumbuyo, moti mafunde aakulu akamaithamangitsa sinkanyamuka msanga kuti awadutse pansi. Madzi ankatha kukwera n'kukokolola munthu wogwira chiwongolero. Amene anayendamo ankadziwa zimenezi.

Chimene chimamvetsa chisoni n'chakuti ngakhale m'chaka cha ulemerero wake, nthawi yake inali itayamba kale kutha. Sitima yoyendera nthunzi, Erl King, inanyamuka ku Foochow pambuyo pake koma inafika ku London milungu iwiri patsogolo. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, njira ya ku China inafupika kwa sitima za malasha, pamene zombo za matanga, zosowa mphepo yabwino m'Nyanja Yofiira, zinapitiriza kuzungulira Africa. Malonda a tiyi anazithawa. Zinayamba kufuna katundu kwina, makamaka ku Australia, njira yodutsa nyanja yozizira ya kumwera kumene mphepo ya kumadzulo imautsa mafunde otalika ochokera kumbuyo, ndendende aja amene Ariel inkawaopa.

Pa 31 Januwale 1872 inanyamuka ku London kulowera ku Sydney. Palibe amene anaionanso. Olemba mbiri ambiri amaganiza kuti funde linaikwera kumbuyo n'kuimiza pamodzi ndi anthu onse. Panalibe wopulumuka woti afotokoze. Miyezi ingapo pambuyo pake, pachilumba cha King, pakati pa Australia ndi Tasmania, anthu anatola zibenthu za bwato lopulumukira lili ndi kachitsulo kolembedwa chilembo cha A.