KOKO NDI HIBISCUS M'CIGWA CA HANALEI

Pamene dzuwa liri pamutu ku Chipata, pa cisumbu ca Kauai pamakhala pakati pa usiku. Kusiyana kwa nthawi ndi maola 12, pakuti zisumbu za Hawaii ziri kuseri kwa dziko lapansi, pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific. Munthu atati akumbe dzenje loongoka kucokera kumeneko, angakatulukire ca ku Botswana kapena ku Namibia. Hawaii ndi cigawo ca United States of America kuyambira mu 1959. Kumpoto kwa Kauai kuli cigwa ca Hanalei, kumene tinapeza zomera ziwiri zimene nafenso tizidziwa kuno kwathu: koko, amene eni dziko amamuchula kuti kalo, ndi citsamba ca maluwa cija ca hibiscus.

Kucokera ku Lihue, kumene kumatera ndeke, mseu umatsata gombe makilomita ngati 50. M'njira yonseyo hibiscus sasowa. Ali pa mipanda ya nyumba, pa makomo a mahotela ndi m'tsitsi la akazi. Wofiira, woyera, wacikasu. Koko samaoneka kufikira munthu ataima pamtunda pafupi ndi Princeville ndi kuyang'ana pansi. Pamenepo cigwa conse cimaoneka cogawidwa m'timinda ta ngondya zinai, tina tobiriwira, tina tonyezimira madzi okha-okha, mtsinje wa Hanalei ukudutsa pakati. Potsikira kumeneko pali mlatho wacitsulo wa mu 1912, wopapatiza kotero kuti magalimoto amaoloka mosinthana.

Timinda timeneti amati lo'i. Kali konse kali ndi khoma la dothi, ndipo madzi amapatutsidwa ku mtsinje m'ngalande zochedwa 'auwai, nalowa m'kamunda koyamba, natsikira m'kaciwiri, mpaka abwererenso ku mtsinje. Cinsinsi cake ciri pa kuyenda kwa madziwo. Akaima ndi kufunda ndi dzuwa, koko amaola pansi. Kaamba ka ici mlimi wa kumtunda ndi wa kumunsi ayenera kumvana, cifukwa ngalande yotsekeka pa munda umodzi imaononga minda ya onse otsatira.

Nchito yake ndi ya m'matope ofika m'maondo. Mbeu ndi phesi lodulidwa pamodzi ndi kamutu ka cikhawo ca pansi, ndipo amalicha huli. Amalizika m'matope ndi manja, amapalira ndi manja, ndipo patapita caka kapena kuposerapo amazula ndi manja omwewo. Pozula, mlimi amadulanso huli wa munda wotsatira, motero mbeu imene mwana abzala lero ingakhale yomweyo imene agogo ake anabzala. Koko wophika amasinjidwa ndi mwala pa thabwa, kapena ndi makina masiku ano, namuthira madzi mpaka akhale phala lotuwirako lochedwa poi. Kwa ife ozolowera nsima yolimba, poi ndi wofewa ndiponso wowawasa pang'ono akagonera, koma malo ake pa cakudya ndi omwewo a nsima: nsomba ndi nyama ndi ndiwo cabe.

Ulemu umene anthu a ku Hawaii amapereka kwa comera cimeneci ndi waukulu zedi. Nthano ya makolo ao imati mwana woyamba wa Wakea anabadwa wakufa, ndipo pa manda ake panamera koko. Mwana waciwiri, Haloa, ndiye anakhala kholo la anthu. Cotero koko ndi mkulu wao, anthu ndi ang'ono ake; wamkulu amadyetsa, wamng'ono amasamala. Mwambo umati mbale ya poi ikavundukulidwa, mikangano ithe. Ngakhale liu lao lotanthauza banja, 'ohana, ambiri amaligwirizanitsa ndi 'oha, ndiwo ana ophuka m'mbali mwa koko wamkulu.

Cigwaci sicinakhale ca koko nthawi zonse ai. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 alimi ocokera ku China, ndipo pambuyo pake a ku Japan, anasandutsa minda yambiri kukhala ya mpunga. Mpunga utalephera kupikisana ndi wa ku California, koko anabwerera m'malo ake. Mu 1972 mbali ina ya cigwa inakhala malo otetezeramo mbalame za m'madzi zimene zinali pafupi kutha, koma alimi sanacotsedwe, popeza mbalamezo zimadya ndi kuswana m'minda momwemo. Mabvuto nawo sanathe. Nkhono zina zimene zinabweretsedwa ca m'ma 1989 kuti zikhale cakudya zinapulumukira m'ngalande, ndipo zimaboola koko ndi kusiya mazira ofiirira pa mapesi. Mu April 2018, ku Waipa pafupi ndi Hanalei kunagwa mvula ya mamilimita 1,262 m'maola 24 okha, yoposa imene Chipata amalandira kawiri-kawiri m'caka cathunthu. Minda yambiri inakwiririka ndi matope ndi mcenga.

Nanga hibiscus? Iye safuna zonsezi. Kanthambi kotalika ngati pensulo, kozikidwa m'dothi lonyowa pamthunzi, kamagwira mizu m'miyezi iwiri. Cimene amadana naco ndi madzi oima pa mizu, omwewo amene koko amakhalamo. Amafuna dzuwa, manyowa pang'ono ndi kudulira nthambi kamodzi pa caka, cifukwa maluwa amabwera pa nthambi zatsopano. Duwa lake limakhala tsiku limodzi, mwina awiri, kenaka lifota ndi kugwa, koma m'mawa mwake lina limakhala litamasula. Hawaii anasankha hibiscus kukhala duwa la dziko mu 1923, ndipo mu 1988 anachula mtundu wake weni-weni, wacikasu wa m'chire wochedwa ma'o hau hele. Codabwitsa n'cakuti mtundu umenewu ndi wosowa kwambiri, pamene mitundu yobwera yadzaza m'mipanda monse.

Tisamuyese mlendo hibiscus ameneyu. Ali pa cibale ndi thonje ndi therere lobala, ndipo cidede ndi lumanda zimene amai amatendera ndi nsinjiro ndi mitundu ya hibiscus yomwe. Yang'anani duwa la therere m'mawa, mudzaona nkhope ya pa mtundu.

Tsono banja limene liri ndi malo ocepa libzale citi? Ife tiona kuti madzi ndiwo ayenera kuweruza mlanduwu. Ku Kauai mvula ndi yocuruka kotero kuti phiri la Waialeale limawerengedwa pakati pa malo onyowa koposa pa dziko lapansi. Kuno cilimwe cimatenga miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira May mpaka October. Koko wobzalidwa pabwalo louma adzamwa madzi onse amene amai atunga, ndipo adzabala tizikhawo tosakwanira ndi mphika umodzi. Malo ake ndi ku dimba, m'mphepete mwa dambo kapena kumunsi kwa kasupe, kumene cimanga cimacita cikasu ndi cinyontho. Kumeneko ndi nkhokwe ya pansi: angathe kudikira m'dothi kufikira miyezi ya njala, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Amene ali ndi dimba lotere nalisiya lopanda koko akutaya cakudya. Ndi bwinonso kusakaniza mitundu. Ku Samoa, kumene pafupi-fupi alimi onse anadalira mtundu umodzi, matenda a masamba anafika mu 1993 ndi kuononga mbeu m'dziko lonse.

Pakhomo pa nyumba, makamaka m'tauni, hibiscus ndiye woyenera. Madzi otsukira ndiwo ndi mpunga amamukwanira, amachinga fumbi la mseu, ndipo mwana angathe kumsamala. Adani ake ndi nsabwe za zomera ndi mbuzi, zimene zimakonda masamba ake kwambiri. Citsamba cacing'ono cifuna kocingira ka minga kufikira citakula.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kucenjeza makolo. Koko wamuwisi, cikhawo ndi masamba omwe, ali ndi timinga tosaoneka ndi maso timene timayabwa ndi kutupitsa m'kamwa ndi pakhosi. Afunika kuphikidwa mpaka apse ndithu, ndipo posenda ndi bwino kudzola mafuta m'manja. Ndiponso m'mabwalo a m'tauni muli zomera zokongoletsera za masamba akulu-akulu onga a koko zimene sizidyedwa konse. Wofuna mbeu asazule pa bwalo la ofesi kapena la hotela. Akapemphe kwa mlimi wa ku dimba amene banja lake limadya koko yemweyo.