Dzimbiri Silichita Phokoso

Aliyense amene adadutsapo pakhomo pathu ku Kawale zaka zapitazo adzakumbukira chigalimoto chakale chimene chidali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini. Matayala ake adali ataphwa ndi kumira m'dothi. Nkhuku zinkaikira mazira pampando wa woyendetsa, ndipo ana a m'dera lathu ankaseŵeramo masana onse, wina atagwira chiongolero, anzake akuliza injini ndi pakamwa. Galimoto imeneyo idaima pamenepo m'chaka cha 1978, ine ndili mwana wa sukulu, ndipo idakhala zaka 42 popanda munthu woigwira ndi sipanala. Ndikufuna ndikusimbireni, makolo anzanga ndi inu achinyamata, m'mene idadzukira, pakuti pokonza iyo ndidapeza kuti chofunika kukonza pakhomo panga sichidali chitsulo chokha ai.

Galimotoyo ndi Ford ya mtundu wa Model A, ya chaka cha 1930, ndiye kuti idapangidwa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse isanayambe. Kampani ya Henry Ford idatulutsa mtundu umenewu kumapeto kwa 1927 kuti uloŵe m'malo mwa Model T, ndipo pofika 1931 idali itapanga zoposa 4 miliyoni. Zobwera kumaiko athu ano, zokhala ndi chiongolero kumanja, zambiri zinkachokera ku Canada, ndipo zina zinkabwera zidutswazidutswa ndi kukalumikizidwa ku Port Elizabeth m'dziko la South Africa, kumene Ford idayamba ntchitoyo mu 1924.

Agogo aamuna, obala bambo anga, adapita ku Halale, m'dziko limene linkatchedwa Southern Rhodesia, monga adachitira amuna ambiri a ku Nyasaland pofuna ndalama ya msonkho. Adakhalitsa kumeneko pa munda wa fodya, akuyendetsa ndi kukonza magalimoto, kufikira akumudzi adaŵaŵerengera pakati pa atchona. Mwini munda ataitaya Ford yake yokalambayo, agogo adaigula pang'onopang'ono ndi malipiro ao. Mu 1954 adabwera nayo kudzera ku Tete, naoloka Zambezi pa pantoni, popeza mlatho wa pamenepo udatha kumangidwa mu 1973, naloŵera ku Dedza. Dzina lija la utchona anthu adalichotsa pa munthu ndi kuliika pa galimoto, ndipo kuyambira pamenepo inkatchedwa Mtchona.

Agogo adadula kumbuyo kwake nakhomapo bokosi la matabwa. Mtchona idanyamula fodya ndi chimanga, idathamangira usiku ku chipatala cha Nkhoma ndi amai oyembekezera, idaperekeza maukwati, ndipo idanyamula maliro ambiri, amene agogo sankalandirapo ngakhale kobiri. Iwo atamwalira, bambo adabwera nayo ku Kawale. Chimene chidaimitsa galimotoyo chidali chaching'ono: redieta idabooka, injini idatentha, gasiketi idapsa. Bambo adaikankhira pamthunzi nati, "Ndidzaikonza mwezi ukatha." Miyezi idatha, zaka zidatha, ndipo mu 2001 bambo adatisiya. Ine, poti ndine woyamba kubadwa, ndidalandira nyumba, galimoto, ndi mau aja omwe a "mwezi ukatha."

Mu Januwale 2020 kudafika anthu ogula zitsulo zakutha, aja oyenda ndi sikelo m'makwalala. Adaizungulira, naigogoda, natchula mtengo wake pa kilogalamu monga ngati akugula mphika wobooka. Abale anga atamva adati tigulitse, tigaŵane. Tidasonkhana pakhonde Loŵeruka lina, ndipo ine ndidaŵakumbutsa za Naboti wa pa 1 Mafumu 21, amene adakana kugulitsa munda wa makolo ake ngakhale kwa mfumu. Ndidalankhula nthaŵi yaitali monga tichitira ife akulu a mpingo, ndipo ndidayesa kuti nkhani yatha. Koma mlongo wanga wamng'ono adati mofatsa, "Achimwene, Naboti ankaulima munda wakewo. Inu wanu mwausandutsa khola la nkhuku. Ngati ndi choloŵa, chikonzeni. Ngati simutha, lolani tigulitse tipezeko ya mchere." Ndidasoŵa choyankha.

Usiku womwewo amai a kunyumba adaonjezapo ao. Adati, "Abambo, pansi pa mango paja si galimoto yokha imene yakhalapo." Ankanena za mwana wathu wamwamuna. Iye adamaliza Fomu 4 mu 2018 koma sadapeze malo opitirizira maphunziro. Masana ankakhala pamthunzi womwewo ndi lamya yake, madzulo ankachoka, ndipo kaŵirikaŵiri ankabwera akununkha moŵa. Ine m'maŵa ndidali ndi ana a eni ake m'kalasi, madzulo ndikuyendera Akhristu a m'dera langa, Loŵeruka kuukwati kapena kumaliro. Mwana wangayo ndinkamlankhula pokhapokha pomdzudzula, ndipo mumtima ndinkati ndidzakhala naye pansi ndikadzapeza mpata.

Mpatawo udadza m'njira imene sindidaipemphe. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo tonse aŵiri tidapezeka pakhomo tsiku lonse. M'maŵa wina ndidapita pamango paja ndi kunena mau amene ndidali ndisanamuuzepo chibadwire chake: "Mwana wanga, ndithandize. Ndekha sindingathe." Adandiyang'ana modabwa, naika lamya m'thumba.

Amakaniko achinyamata a ku Biwi Triangle titaŵafotokozera adaseka, nati galimoto yotere adaiona pachithunzi pokha. Koma azakhali, mlongo wao wa bambo, adakumbukira kuti mnyamata amene ankapukusa hendulo ndi kunyamula masipanala a agogo adali moyo ku Area 23. Tidakampeza ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, maso atayamba kuchita khungu. Titafika nawo pakhomo adaisisita Mtchona monga munthu asisita ng'ombe yake yotayika, nakhala chete kanthaŵi.

Injini idali itauma gwa, mapistoni atamatirira ndi dzimbiri. Mwana wanga adafuna kuloŵetsa chipaipi chachitali pa hendulo kuti tikanikize aŵiri. Mkuluyo adamgwira dzanja nati, "Mdzukulu wanga, ukakakamiza uthyola. Chimene chagona zaka zonsezi sichidzuka ndi chikwapu." Adatiuza kuti tichotse mapulagi onse anai, tithire m'maenjemo dizilo wosakaniza ndi oilo, ndipo m'maŵa uliwonse tiziyesa hendulo pang'ono chabe, kenaka tizileka. Sabata yoyamba sipadaoneke kanthu, yachiŵiri ndi yachitatu chimodzimodzi. Pa sabata yachisanu hendulo idasuntha pang'ono ngati kukula kwa chikhadabo, ndipo mnyamatayo adafuula mpaka anansi adatuluka m'nyumba. Akuluakulu adanenadi zoona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Titayamba kumasula tidaona nzeru za amisiri akale. Injini yake ndi ya masilinda 4, ya mphamvu za akavalo 40, ndipo magiya opita kutsogolo ndi atatu okha. Ilibe pampu ya petulo, chifukwa thanki ili kutsogolo kwa galasi, pamwamba kuposa injini, ndipo mafuta amatsika okha. Mabuleki ake sayendera mafuta monga a masiku ano, koma timitengo tachitsulo tochokera pa chopondera kufikira kumatayala onse anai. Mabauti ake adayesedwa m'mainchesi, kotero kuti masipanala athu a mamilimita ankaterera, ndipo tidayendayenda mumsika wa Lilongwe kufunafuna akale.

Apa ndipo ndidaona kuti mutu umodzi susenza denga. Mawaya onse adali atadyedwa ndi makoswe, ndipo mkulu uja sakadatha kuona bwino kuti atilondolere. Mwana wanga, ndi lamya yomwe ija ndinkaida, adapeza pa intaneti chithunzi cha kayendedwe ka mawaya a Model A. Ndiye adatichenjeza kuti batire yake ndi ya mavoti 6, osati 12, ndiponso kuti mbali ya pozitivu ndiyo imalumikizidwa ku thupi la galimoto, kusiyana ndi magalimoto a lero. Koma pofika poti titchere nthaŵi imene moto uyenera kufika kumapulagi, nkhalamba ija idapapasa kutsogolo kwa injini, nimasula kachitsulo kena, nikatembenuza, nikaloŵetsanso chakumutu, niuza mnyamatayo kuti apukuse hendulo pang'onopang'ono kufikira kachitsuloko katagwera m'kadzenje ka pa giya ya m'kati. "Pamenepo," idatero, "pistoni yoyamba yafika pamwamba. Agogo ako adandiphunzitsa ndi khofi la kumutu." Lamya idali ndi chithunzi, koma zala za nkhalamba zidali ndi chikumbumtima cha ntchitoyo.

Zina tidapereka kwa amisiri. Bokosi la kumbuyo lidali litatha ndi chiswe, ndipo kalipentala wa ku Mchesi adatikhomera lina. Redieta idamatidwa ndi mmisiri wa zidebe. Thanki tidaichotsa ndi kuitsuka kambirimbiri, tikukhutchumula timiyala ndi parafini m'kati mwake, chifukwa petulo wa m'Malaŵi muno amasakanizidwa ndi ethanolo wa ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ameneyu amatakasa zonyansa za m'thanki yakale n'kutseka nazo kabuleta. Sukulu zitatsegulidwa ntchito idatsalira Loŵeruka lokha, ndipo idayenda monga m'mene malipiro a mphunzitsi ankalolera.

Ndisabise, njira sidali yosalala. Mu 2022 ndidampatsa mwana wanga ndalama yokagulira batire, ndipo adasoŵa nayo masabata aŵiri. Mtima wanga udaŵira, ndipo ndidakonzeratu mau omthamangitsira pakhomo. Madzulo amene adabwerera, wakuda ndi wamanyazi, adaima patali osaloŵa m'nyumba. Ndikutsegula pakamwa, ndidakumbukira mau a nkhalamba ija onena za kukakamiza. Ndidamuuza kuti wachimwa, ndi kuti ndalamayo adzaibweza; kenaka ndidamuuza kuti nanenso ndidamchimwira pomsiya yekha zaka zonse zija, ndipo ndidampatsa sipanala. Ndalamayo adaibwezadi ndi maganyu, pang'onopang'ono.

Vuto lotsiriza lidali la matayala. Mikombero ya Model A ya 1930 ndi ya mainchesi 19, ndipo matayala otere sitidaŵapeze m'mudzi muno. Mdzukulu wa azakhali amene amagwira ntchito ku Johannesburg adaŵapeza kumeneko, koma mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene ndidasunga ya matayala anai sidakwanenso ngakhale atatu. Yotsalayo adasonkha ndi abale anga omwe aja adafuna kugulitsa, ndipo woyamba kupereka adali mlongo wanga uja.

Tsiku loyesa lidali Loŵeruka lina mu Ogasiti 2024. Mkulu uja adakhala pampando wa ndalema pafupi ndi injini, ndipo azakhali, amene tsopano saona, tidaŵakhazika pamphasa. Nkhalamba idamkumbutsa mnyamatayo kuti ayambe wabweza kachitsulo ka moto ka pa chiongolero, ndi kuti chala chachikulu asachikoleke pa hendulo, chifukwa injini ikabwerera m'mbuyo imathyola mkono. Adakoka koyamba, zii. Kachiŵiri, idatsokomola. Atakoka kachisanu idabangula, utsi udadzaza bwalo, nkhuku zidathaŵira kwa anansi. Ndidakanikiza huta, ndipo lidatuluka liu lija lokhadzula la magalimoto akale limene Kawale sadalimve kwa zaka 46. Azakhali adagwira pamtima, misozi ikutsika, nati, "Abambo abwera." Tidazimitsa injini ndi kugwada pomwepo pansi pa mango kuyamika Mulungu.

Mtchona sinayambe kuyenda mumseu waukulu, pakuti mapepala ake a boma sitinamalize, imangozungulira pabwalo. Mwana wanga tsopano akuphunzira umakaniko pa galaja ina ku Biwi. Sindinganene kuti zonse zakhala bwino, chifukwa ku kalasi ya mpingo sanabwerere. Koma madzulo tikamaŵerenga Mau a Mulungu amakhala nafe, ndipo amandifotokozera za tsiku lake ndisanamfunse.

Makolo anzanga, galimoto ya agogo sidaonongedwe ndi ngozi kapena mbala. Idaonongeka ili pakhomo, pamthunzi wabwino, pamaso pa anthu oikonda. Dzimbiri silichita phokoso, ndipo chiswe sichiodira. Pa Mlaliki 10:18 timachenjezedwa za denga limene limagwa chifukwa cha manja osagwira ntchito. Koma ine ndaona kuti ngakhale munthu wotanganidwa ndi ntchito za Mulungu angakhale waulesi pa nyumba yake ya iye mwini. Gasiketi imene bambo akadaisintha tsiku limodzi idatidyera zaka zinai. Ngati pakhomo panu pali mwana amene mwaleka kucheza naye, kapena mbale amene simulonjerana naye, kapena mapemphero a pabanja amene adaima kalekale, musadikire kuti mwezi uthe. Ndipo mukayamba, musayambe ndi chipaipi. Thirani mafuta, yesani pang'ono, mubwerenso maŵa.

Inunso achinyamata, m'midzi mwathu muno muli nkhalamba zimene zikudziŵa zinthu zosalembedwa pena paliponse. Pitani mukazifunse zikadali ndi moyo, ndipo mutenge nzeru zanu zatsopano popita. Choloŵa cha makolo, kaya ndi galimoto, kaya ndi munda, kaya ndi chikhulupiriro, chimakhala cha munthu amene wadetsa nacho manja. Ambuye atithandize tonse kusamala zimene adatisungitsa.