Ziro Amene Anagwera Kumphepete

Tchuthi chapitachi ndinali kwa malume ku Mchinji, m'sitolo yawo ya pamsewu wa M12 wopita ku Zambia kudzera pa Mwami. Poti ndine wa ku seminale, anandikhulupirira nandipatsa ntchito yolemba katundu m'kompyuta yakale, ija ya sikirini yakuda yoonetsa malemba okhaokha.

Tsiku lina madzulo akaunti inakana. Pansi pa ndandanda, chiwonkhetso chinali chachikulu kuposa mitengo yooneka ndi maso. Makatoni a matochi ochokera ku China, amene tinagula pa 450000 kwacha, ankaoneka ngati 45000. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mphwanga, wasintha chiyani apa?" Ndinati, "Malume, sindinakhudze kanthu." Nsima ya usiku umenewo sinatsike bwino.

M'mawa ndinayamba kuwerenga ndi nsonga ya pensulo. Sikirini yotereyi ili ngati pepala la masamu: mzere uliwonse uli ndi timabokosi 80, chiwerengero chochokera ku makadi oboola a IBM a m'chaka cha 1928. Chilembo chathu chimakhala m'kabokosi kamodzi. Koma pa dzina la matochiwo ndinakoperapo chilembo chimodzi cha Chitchaina, ndipo chimenecho chimadya timabokosi tiwiri. Pulogalamu yathu inkachiwerenga ngati chimodzi. Motero mzere unakwana 81, ziro womaliza anagwera mumzere wapansi, ndipo katundu wotsatira anamulemba pamwamba pake.

Pofuna kutsimikiza, ndinayamba kuchikankha chilembocho pang'onopang'ono kupita kudzanja lamanja. Chitafika pa kabokosi ka 80 sichinalole kudulidwa pakati ayi. Chinadumphira chonse pansi, kusiya kabowo kopanda kanthu kumphepete. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ngakhale ŵ wathu wa mu Malaŵi ali ndi khalidwe lake: akalembedwa ngati w ndi kachipewa kapadera, zizindikiro zimakhala ziwiri koma malo ndi amodzi, ndiye mzere umafupika.

Mankhwala ake alipo kale, amatchedwa wcwidth: amauza pulogalamu ngati chizindikiro chikutenga malo 0, 1 kapena 2. Ine sindinafike pokonza pulogalamuyo. Ndinangofufuta chilembo chija malume akuona, ndipo ziro anabwerera pamalo pake.

Kupepesa sanapepese, akuluakulu satero. Anangoonjezera sopo ndi shuga m'chikwama changa tsiku lobwerera kuno.